Mnyanga, golide ndi ndodo ya pulu ku Munyati

Pa mashopu a ku Munyati, m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo, pali tebulo la pulu limene limakhala pakhonde, pansi pa malata. Kuno anthu amangolitcha sinuka. Nsalu yake yobiriwira inasuluka pamalo poikapo mpira woyera, ndipo mwendo umodzi anaupondetsa pa kachidutswa ka katoni kuti mipira isamathamangire mbali imodzi. Ndodo zilipo zitatu. Kumutu kwa iliyonse, kuseri kwa kachikopa kopakapo choko, kuli kamphete koyera kotalika ngati chikhadabo. Anyamata sakayang'ana n'komwe, poti ndi pulasitiki wamba. Koma kuyera kwake n'kotengera: anakapanga koyera kuti kafanane ndi mnyanga wa njovu, umene kale unkakhala pamalo pomwepo. Ndipo mnyanga womwewo ndi umene unalambula njira imene agogo anga anadzera pochoka ku Dedza kudzachona kuno.

Nkhaniyi inayambira kwathu, kalekale. M'dziko la Amaravi munali lamulo limene mlenje aliyense ankalidziwa: njovu ikagwa, mnyanga umene wakhudza pansi ndi wa mfumu, mwini nthaka, mlenje n'kutenga wam'mwambawo. Kupha njovu sinali ntchito ya munthu mmodzi. Ena ankakumba mbuna, ena ankakwera mumtengo ndi mkondo wolemera kudikira kuti nyamayo idutse pansi, ndipo ikagwa midzi ingapo inkadya nyama. Minyanga inkaunjikana kwa Kalonga, kwa Undi ndi kwa Lundu. Kuchokera kumeneko inkatsikira ku Tete ndi ku Sena, kapena kuyenda pamapewa a anthu mpaka ku chilumba cha Mozambique, ndipo m'zaka za m'ma 1600, pa nthawi ya Kalonga Muzura, malonda amenewa ndiwo ankagwira ufumu. Ogula ambiri anali a ku India, kumene akwatibwi ankavala zibangili za mnyanga. Mnyanga wa kuno ndi waukulu ndiponso wosavuta kusema kusiyana ndi wa njovu za kwawoko. Malipiro ake anali nsalu ndi mikanda.

Pa nthawi yomweyo, kutali ku Ulaya, mafumu ndi anthu olemera anali atatenga masewera okankha mpira pa udzu n'kuwalowetsa m'nyumba, pa tebulo. Nsalu yobiriwira ija ndi chikumbutso cha udzuwo. Poyamba ankakankha mpira ndi ndodo ya mutu waukulu, koma mpira ukagona m'mphepete mwa tebulo ankatembenuza ndodoyo n'kumenya ndi mchira wake. Mawu a Chifalansa otanthauza mchira ndiwo anabala dzina lakuti cue limene Azungu amatchulira ndodoyi mpaka lero. Cha m'ma 1807 msilikali wina wa ku France, François Mingaud, amene anakhalapo m'ndende, anamata kachikopa kunsonga kwa ndodo, ndipo kuyambira pamenepo wosewera ankatha kumenya mpira pansi kuti ubwerere m'mbuyo, kapena m'mbali kuti ukhote. Koma mtengo womenyedwamenyedwa kumutu umang'aluka. N'chifukwa chake anayamba kuvekako kamphete koteteza. Ku England anakonda ka mkuwa, ku America anakonda ka mnyanga.

Kamphete sikanathe njovu. Chinazitha ndi mpira. Mpira wabwino unkasemedwa kuchokera pakati penipeni pa mnyanga, kuti kamzere ka mtsempha kadutse pakatikati, apo ayi mbali imodzi inkalemera ndipo mpirawo sunkayenda mowongoka. Amisiri ankafuna minyanga ing'onoing'ono yowongoka bwino, makamaka ya njovu zazikazi, ndipo mnyanga umodzi unkatulutsa mipira yowerengeka chabe, inayi mwina isanu. Akaisema ankaisunga miyezi yambiri kuti iume asanaisalaze komaliza, komabe ikakumana ndi chinyezi kapena kuzizira inkapotoka, ina n'kung'aluka, ndiye ankafunanso ina. M'zaka za m'ma 1800 matebulo anachuluka m'mahotela ndi m'mabala a ku London, Paris ndi New York, mu 1875 asilikali a Britain ku Jabalpur, m'dziko la India, anayambitsanso sinuka, ndipo mafakitale a ku Deep River ndi Ivoryton ku Connecticut ankacheka minyanga yoika pa makiyi a piyano. Ludzu lonseli linkathera pa njovu za kuno.

Kwathu kunali mfuti za gogodela ndi magoli. Amalonda Achiyao ankatsogolera maulendo opita ku Kilwa. Ku Nkhotakota, Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika cha m'ma 1840 n'kumaolotsa katundu wake pa nyanja ndi zombo. Ku Karonga kunali Mlozi, amene anadzanyongedwa mu 1895. Minyanga ndi akapolo zinkayenda njira imodzi, ndipo mwambi wakuti mnyanga sulemera mwini unali woona kwa njovu yokha. Munthu amene ankausenza miyezi ingapo kupita ku gombe sanali mwini wake, ndipo unkamulemera zedi. Ngakhale kampani ya African Lakes, imene timaidziwa kuti Mandala, yoyambitsidwa mu 1878 ndi cholinga chothandiza amishoni, inkadalira minyanga kuti ipeze phindu, mpaka kumagula kwa anthu omwe aja ogulitsa akapolo. Ku Zanzibar ankayeza mnyanga pa mlingo wa frasila, pafupifupi makilogalamu 16. Mtengo weniweni unkadulidwa kumeneko, ku Bombay, ku London, kenako ku Antwerp. Mlenje wa ku Kasungu ankalandira mikwamba ingapo ya nsalu ya merikani ndi onga, osadziwa kuti dzino limene wagulitsalo likukagubuduzika pa tebulo.

Tsidya lino la Zambezi, alenje anachokera kum'mwera. Mmodzi mwa iwo anali Henry Hartley, mlimi wa ku Magaliesberg, amene mfumu Mzilikazi anamulola kusaka m'dziko la Mashona. Njira yake ya ngolo inkaoloka mitsinje ya Sebakwe, Munyati ndi Mupfure, ndipo mpaka lero pakati pa Gweru ndi Kwekwe pali malo otchedwa Hunters Road, kutanthauza msewu wa alenje. Ndimakonda kuima pa mlatho wa Munyati n'kuganiza za ngolo zija zikutsikira kumadzi zitadzaza minyanga. Dzina la mtsinjewu likukumbutsa nyati, imene ife timati njati, chizindikiro chakuti nyama zinalipo zambiri kuno. Potsatira njovu m'mathengo amenewa, Hartley ankaona maenje akale kwambiri okumbidwa m'miyala yoyera. Anali migodi ya golide ya makolo a Ashona. Mu 1866 ndi 1867 anatenga katswiri wa miyala wa ku Germany, Karl Mauch, kuti adzaone, ndipo Mauch atabwerera analengeza kuti kuno kuli golide wosaneneka. Tauni imene lero tikuitcha Chegutu inakhala zaka zambiri ikutchedwa Hartley.

Pambuyo pake kunabwera mnyamata Frederick Selous, amene anafika kwa mfumu Lobengula mu 1872 kudzapempha chilolezo chopha njovu. Anasaka zaka zambiri, njovu n'kuchepa, zotsala n'kuthawira kuzigwa za kashembe kumene akavalo sakanafika. Mu 1890 Selous yemweyo ndiye anatsogolera gulu la Cecil Rhodes lodzalanda dziko lino. Anthuwa sankafunanso minyanga kwenikweni, ankafuna golide uja wa Mauch. Mu 1894 anakhoma zikhomo pa maenje akale n'kutsegula mgodi wa Globe and Phoenix, umene unabala tauni ya Kwekwe, makilomita pafupifupi 30 kum'mwera kwa Munyati. Kumpoto, kufupi ndi Kadoma, kunadzatsegulidwa Cam and Motor. Njanji yolumikiza Bulawayo ndi Salisbury, imene lero ndi Harare, inatha mu 1902. Wina akafuna kumvetsa mmene dziko lino linagwidwira, ayambe ndi mapazi a njovu: mlenje anatsatira njovu, wofuna golide anatsatira mlenje, ndipo pambuyo pawo panabwera ife.

Migodi inkafuna manja, ndipo kwathu ku Nyasalande kunali msonkho wa nyumba ndi thangata. Amuna anayamba kuyenda wapansi kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, kulowera ku Halale. Ena anagwidwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, limene anthu ankalitcha chibalo. Pambuyo pake kunabwera malole a ulere ndi Mthandizi. M'makomboni a migodi munamveka Chinyanja, munavinidwa gule wamkulu amene anzathu Achishona amamutcha zvigure, munamangidwa mizikiti ya Ayao ndi matchalitchi a mishoni za kwathu. Pamene migodi inafuna magetsi, boma linamanga siteshoni yoyaka malasha pa mtsinje wa Munyati chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, n'kuikulitsa nkhondo yachiwiri itatha mpaka kufika mamegawati 120. Malasha ankabwera pa sitima kuchokera ku Wankie. Agogo anga anafika nthawi imeneyo. Ankanena kuti fumbi la malasha linkawalowa mpaka m'makutu, ndipo agogo aakazi ankachapa ovolosi yawo katatu madzi asanayere.

Pamene iwo ankafika, mpira wa mnyanga unali utayamba kale kutha ntchito. M'zaka za m'ma 1860 kampani yopanga matebulo ku New York, Phelan and Collender, inalonjeza madola 10,000 kwa aliyense wopeza chinthu cholowa m'malo mwa mnyanga. Wosindikiza mabuku wina wa ku Albany, John Wesley Hyatt, anayesayesa mpaka anapanga celluloid cha m'ma 1869 ndi 1870, mmodzi mwa mapulasitiki oyamba pa dziko lapansi. Akuti mipira yake yoyamba inali ndi vuto lakuti inkatha kuphulika pang'ono ikagundana mwamphamvu. Mu 1907 Leo Baekeland anapanga Bakelite, wolimba ndi wosasintha ndi nyengo, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 mipikisano ikuluikulu ya ku Britain inali itasiya mnyanga. Mipira yabwino kwambiri masiku ano, ya Aramith, imapangidwa ndi kampani ya Saluc ku Belgium. Zimandigwira mtima kuti pulasitiki, amene lero watseka ngalande zathu zonse, anabadwa pofuna kupeza chogubuduza pa tebulo njovu zitayamba kusowa.

Pa migodi ndi pa siteshoni, tebulo linkakhala ku kalabu ya Azungu. Munthu wakuda ankalowako kukapukuta nsalu ndi burashi, kusita ndi simbi yofunda, kuthira mowa ndi kuwerenga mapointi. Kugwira ndodo sikunali kwake. Ufulu utabwera mu 1980, ndi pamene matebulo ang'onoang'ono oponya ndalama anafalikira m'mabala ndi pa mashopu, ana a machona n'kuyamba kusewera pamodzi ndi ana a eni nthaka.

Mnyanga utachoka pa mpira unabisala mu ndodo. Ku America kuli amisiri amene amapanga ndodo imodziimodzi pamanja, mwa oda, ndipo wotchuka kwambiri anali George Balabushka wa ku New York, amene anamwalira mu 1975. Ndodo zotere zimakhala zigawo ziwiri zomangirirana pakati, ndipo mnyanga unkaikidwa m'malo atatu: kamphete ka kumutu, polumikizira, ndi timaluwa tokongoletsa chogwirira. Osewera akale amati mnyanga umamveka bwino m'manja mpira ukagundidwa, umalira mokoma, ndiponso choko sichiudetsa. Mmisiri akauyang'ana podulidwa amaona timizere topingasana ngati ukonde, timene pulasitiki alibe, ndipo ndi timizere tomweto timene apolisi a zanyama amazindikirira mnyanga weniweni. Koma pa kaseweredwe, mnyanga unagonja. Akatswiri anapeza kuti kumutu kwa ndodo kukalemera, mpira woyera umapatuka kwambiri ukamenyedwa m'mbali, choncho ndodo za masiku ano amazipanga zopepuka kunsonga, zina za carbon fibre. Mnyanga ndi wolemera. Wotsala nawo lero akuusungira ulemu ndi mtengo wake, osati kuti ugwetse mpira.

Pakati pa 1979 ndi 1989 njovu za mu Africa zinatsika kuchoka pa pafupifupi 1.3 miliyoni kufika pa pafupifupi 600,000. Mu July 1989 pulezidenti wa Kenya, Daniel arap Moi, anayatsa mulu wa matani 12 a minyanga, ndipo mu October chaka chomwecho maiko a pangano la CITES, atakumana ku Lausanne, anatseka malonda a minyanga pakati pa maiko. Zimbabwe inakana, Malawi nayenso anali kumbali yokana, ponena kuti njovu za kum'mwera kuno zikusamalidwa bwino. Msonkhano wa CITES wa mu 1997 unachitikira ku Harare, ndipo Zimbabwe, Botswana ndi Namibia analoledwa kugulitsa kamodzi. Mu 1999 anagulitsa ku Japan matani pafupifupi 50 pa madola pafupifupi 5 miliyoni. Mu 2008, South Africa itaphatikizidwa, matani 102 anapita ku China ndi Japan pa madola pafupifupi 15 miliyoni, kutanthauza madola pafupifupi 150 pa kilogalamu. Pofika mu 2014, kilogalamu yomweyo inkagulidwa madola 2,100 ku China. Aliyense aone yekha amene anadya phindu. Zinali chimodzimodzi ndi nthawi ya merikani ndi onga, kungoti tsopano wogulitsa anali boma.

Mtengo wotere unabweretsa imfa. Mu 2002 ku Singapore anagwira matani 6.5 a minyanga amene anapakidwa ku Lilongwe. Mu 2013 anthu anathira poizoni wa cyanide, yemwe uja timatsukira golide m'migodi, m'madamu ndi m'malo onyambita mchere ku Hwange, njovu zambirimbiri n'kufa pamodzi ndi miimba imene inadya mitembo yake. Mu March 2016 boma la Malawi linatentha matani 2.6 a minyanga ku Mzuzu, ndipo mu 2017 linakhwimitsa lamulo mpaka zaka 30 m'ndende. Ku Zimbabwe wopezeka ndi mnyanga popanda chilolezo amayambira zaka 9. Boma la kuno likusunga matani oposa 100 m'nkhokwe ndipo likupemphabe kuti liloledwe kugulitsa, ponena kuti njovu zoposa 80,000 zikuononga minda ndi kupha anthu. Mayi wa ku Gokwe amene munda wake wapondedwa usiku umodzi ndimamumvetsa. Chimene sindikhulupirira n'chakuti msika ukatsegulidwanso ndalama yake idzafika kwa iyeyo, poti zaka 400 zapitazi sinafikepo.

Misika nayo inatsekeka. America inaletsa pafupifupi malonda onse a minyanga mu July 2016, China inatseka msika wake kumapeto kwa 2017, mtengo n'kugwa. Chaka cha 2016 chomwecho mmisiri wina wotchuka wa ndodo ku California anavomera mlandu m'khoti wothandiza kutulutsa m'dziko ndodo zokhala ndi mnyanga. Amisiri anzake anayamba kufunafuna china choyera, ndipo ena anatembenukira ku nyanga za nyama za kumaiko ozizira, zimene Azungu amati deer, elk ndi moose.

Chichewa chathu chimasiyanitsa bwino: pali mnyanga, pali nyanga. Mnyanga ndi dzino, gawo lake lina linazikika m'chigaza, ndipo sulitenga mwini wake ali moyo. Nyanga ya njati, ya ng'ombe kapena ya ngoma ndi chikhadabo chokuta fupa, sichoka chokha. Koma nyanga za nyama zakunja zija ndi fupa lenileni la nthambinthambi, limene limamera chaka chilichonse n'kudzithothokera lokha nyengo yozizira ikamatha. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kulibe nyama yachilengedwe yotere. Ku Jackson, m'chigawo cha Wyoming, anyamata a Boy Scouts amatola nyangazi m'nkhalango yosungira elk, ndipo mwezi wa May uliwonse amazigulitsa pa okishoni poyera, poyeza kulemera kwake. Palibe mfuti, palibe kubisa. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi mnyanga, koma mmisiri amataya zambiri, chifukwa mkati mwake ndi mofewa ngati chitsononkho, ndipo kamphete kabwino kamachokera kunsonga kokha kumene fupa lili lolimba. Mtundu wake si woyera mbee, umakhala ndi timadontho totuwa. Ena amagula minyanga ya mammoth, njovu zakale zimene zimafukulidwa mu ayezi ku Siberia, koma ambiri anangobwerera ku mapulasitiki olimba.

Ku Munyati palibe amene anaitanitsapo nyanga za ku Wyoming. Ndodo zathu zimachokera ku China kudzera ku Harare kapena ku Johannesburg, ndipo zikathyoka kumutu timapita nazo kwa mkulu wina wa kukomboni, mwana wa mchona wa ku Ntcheu, amene anagwirapo ntchito yosula zitsulo pa mgodi. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili pamiyendo. Anali atatenga nyanga ya ng'ombe ku butchala, n'kuiwiritsa kuti fupa la mkati lichoke, n'kudula kunsonga kumene kulibe mphako. Anaiboola ndi dirilo ya pamanja, anaipala ndi tupa, kenako ndi kachidutswa ka galasi, fungo ngati la tsitsi lopserera lili guu. Kachikopa anadula ku lamba wakale wa makina.

Ndinawafunsa kuti, "Madala, mnyanga weniweni munaugwirapo?"

"Kamodzi, mwanawe," anatero. "Bambo anga ankapukuta tebulo ku kalabu. Tsiku lina anabwera ndi mpira wong'aluka umene unatayidwa, wachikasu ngati dzino la nkhalamba. Amayi ankasokerapo masokosi."

Anapaka guluu, anakankhira kamphete kaja kumutu kwa ndodo, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Kanali kotuwa, ka mizere yakuda. Anandiuza kuti ndibwere mawa masana ndi dola imodzi, ndipo ndisalole anyamata kuswera mipira ndi ndodoyo guluu asanaume.